Seva ya anapiye ya ku Nathenje

Mwambi umenewu unayamba motere, ana inu, ndipo musandiuze kuti ngwakale kuposa ine. Amene anakuuzani zimenezo analipo? Ine ndinalipo, simenti yake ndinanyamula ndine. Tsekani kaye mpopiwo, galimoto za eni ake sizithawa. Khalani pa ndowapo.

Nthawi imeneyo ndinkayendetsa pikapu pa kampani ina yoswa anapiye ku Nathenje. Mwini wake anali mayi, a Nankhoma, munthu wosalankhula kawiri. Ntchito yathu inali yakuti mazira alowe m'makina oswera, anapiye atuluke, ine ndiwanyamule m'makatoni kupita nawo ku madepoti, ku Dedza, ku Salima, ku Mponela, mpaka ku Mchinji uko, alimi akatenge. Tsono mudziwe chinthu chimodzi za mwanapiye. Dzira likalowa m'makina, tsiku lake lakhazikika. Silimva za maliro, silimva za tchuthi. Ndipo mwanapiye akaswa safuna kukhalitsa m'katoni. Ukachedwa naye amayamba ndi kulira, kenako amasiya kulira, ndiye pamenepo wolira umakhala iwe.

Kale alimi ankaimba foni kapena kubwera okha. A Nankhoma ataona kuti anthu achuluka, anakonzetsa tsamba la pa intaneti. Mlimi ali kwawo ku Linthipe ankangodina pa foni kuti ndikufuna anapiye akuti, ndidzatengera ku depoti yakuti. Zonsezo zinkakagwera m'makina amodzi amene ankakhala m'kachipinda kuseri kwa ofesi. Dzina lake seva. Ine sukulu ndinalekera pa kuwerenga zikwangwani za pamsewu, koma anandifotokozera ndipo ndinamva. M'makinamo muli ngati anthu awiri. Wina ali pakauntala, kulandira aliyense wogogoda kuchokera pa foni. Ameneyo ndi webusaiti. Wina ali kumbuyo kosungira katundu, ndiye amasunga kuti uje waitanitsa angati, adzatengera kuti. Ameneyo amati detabesi. Wapakauntala sayankha kanthu asanafunse wakumbuyo, ndipo onse awiri amadyera mbale imodzi, mphamvu ya makina omwewo. Wakumbuyo akapanikizika, wapakauntala amangoti kukamwa yasa, mlimi n'kumaona kagudumu kakuzungulira pa foni.

Amene anandifotokozera zimenezi ndi Ndaziona, mtsikana wa ku Lilongwe amene anaphunzira za makompyuta. A Nankhoma anali atangomulemba kumene kuti azisamalira makinawo, chifukwa amene anawakonza poyamba anali atapita ku Joni. Asanamupatse n'komwe makiyi, mayiwo anauyamba ulendo wa ku Zambia kukagula nkhuku za mbewu, nasiya zonse m'manja mwa achimwene awo aakulu, a Gwedeza.

A Gwedeza sanali munthu woipa mtima, ndisawanamizire. Maliro a mayi anga anabwera, anagona pa siwa mpaka kucha. Koma kwawo anali mwinimbumba, ndipo ukulu wa kumudziwo anabwera nawo ku ofesi osauvula. Makiyi onse m'chiuno, akamayenda ngati ng'ombe ya belu. Ndiye anali ndi matenda amodzi. Ukayamba kuwauza kanthu, usanafike pakati, "Ndadziwa kale." Ukati bwana, tayala lakumbuyo lija, "Ndadziwa kale." Tsiku lina mlonda anati bwana, kwagwa zovuta kumudzi kwathu, iwo, "Ndadziwa kale," kenako n'kundikokera pambali kundifunsa monong'ona kuti wamwalira ndani.

Atangokhala pampando wa alongo awo anagula tivi yaikulu ngati chitseko cha tchalitchi, naikhoma mu ofesi. Panali tsamba lina limene a Nankhoma ankalitsegula mwezi ukatha, losonyeza anapiye onse amene anthu anaitanitsapo chiyambire kampani, depoti ndi depoti. A Gwedeza anauza wogulitsa tiviyo kuti aike tsamba limenelo, ndipo lizidzitsegulanso lokha kuphethira kulikonse, kuti mlimi akangodina ku Salima iwo aone pompo nambala ikusintha. Ankakhala pamenepo ndi tiyi wawo ngati akuonera mpira. Poweruka ankakhoma ofesi, tivi ili chiyakire.

Sipanapite nthawi, mafoni anayamba. Woyamba anali mayi wa ku depoti ya Mponela. Akuti alimi akudandaula, kagudumu kakungozungulira mpaka bandulo kutha. Ku Dedza chimodzimodzi. Apo n'kuti mazira ali kale m'makina, makabati onse odzaza, tsiku loswa likubwera.

Ndaziona anafika pa minibasi, laputopu m'chikwama. Ine ndinali mu ofesimo kudikira kuti anditume, ndiye ndinamva zonse.

"Bwana, seva yalemedwa. Pali chimene chikuigwiritsa ntchito yoposa msinkhu wake. Ndimapempha kiyi wa kachipinda, ndi envulopu ija ya pasiwedi imene anasiya a ku Joni aja. Ndikakhala ndi pasiwedi ndikhoza kumaiona ngakhale ndili ku Lilongwe."

"Chailemetsa n'chiyani?"

"Sindikudziwa, bwana. N'chifukwa chake ndikufuna ndione. Makinawo amalemba okha aliyense amene wagogoda ndi chimene wafunsa."

"Sukudziwa." A Gwedeza anatembenukira kwa ine. "A Sandalamu, mwamva? Sukulu yonse ija, akuti sakudziwa. Ine ndadziwa kale. N'kutentha. Okutobala uno ngakhale bulu amakana ngolo."

"Mwina n'kutenthadi, bwana, koma tiyeni tione kaye."

"Pasiwedi ndi kiyi wa nkhokwe, mwana iwe. Sapatsa munthu amene sanathe ndi mwezi womwe pantchito."

Anatsegula okha kachipinda kaja. Kanali kopanda windo, khomo limodzi basi, makina ali patebulo kufupi ndi khomolo, akulira ngati lole yokwera chitunda itadzaza chimanga. Anaika dzanja pamwamba pake ngati akuyesa mwana malungo. "Mwaona? Thupi latentha." Ananditumiza m'tauni kukagula mafani. Tinawazunguliza makinawo mbali zonse, chitseko n'kuchisiya chotsegula kuti mphepo izilowa. Ndaziona anangoima pakhomo, chikwama kumsana, osaloledwa kukhudza ngakhale waya. Mapepala anauluka, fumbi linauluka, kagudumu kanapitiriza kuzungulira.

M'mawa mwake a Gwedeza anafika ndi nzeru ina. Akuti foni yawo ikauma amaizimitsa n'kuiyatsanso. Anazimitsa makina, anayatsa. Ndipo zoonadi tsamba linathamanga. Mayi wa ku Mponela anaimba kuti zatheka. A Gwedeza anayendayenda pabwalo makiyi akulira, kuuza ngakhale amene sanafunse. Koma tiyi wawo asanazizire, makina anayambanso kubuula.

"Bwana, zimenezi zatiuza kanthu," anatero Ndaziona. "Kukanakhala kutentha, sakanathamanga atangoyaka, chifukwa sanazizire. Pali chinthu chimene chimabwera kudzagogoda makinawa akangodzuka, ndipo chikufunsa funso lolemera. Wakumbuyo uja akumuwerengetsa katundu yense, asanamalize amufunsanso zomwezo." Anayang'ana kukhoma. "Tivi iyi ikuonetsa tsamba liti?"

"La abwana."

"Tangoizimitsani pang'ono tione ngati pangakhale kusintha. Sindikuti ndi imeneyi ayi. Ndikungofuna tizichotsa chimodzichimodzi mpaka titachipeza."

"Ndizimitse? Pamene pali vuto m'pamene ukufuna ndikhale wakhungu? Tivi imangoonetsa, siinyamula kanthu. Unaonapo nkhope itatopa chifukwa cha galasi?"

"Bwana, kuti tsambalo lioneke pamafunika kuti..."

"Ndadziwa kale."

Mtsikana uja anatuluka, nakakhala pa bampala ya pikapu yanga. "Amalume, bambo amenewa amamva chilankhulo chanji?" Ndinati mwanangu, ine ndakhala nawo zaka, sindinachipeze. Anayesa kuimbira a Nankhoma, koma kumafamu a ku Zambiako foni inkagwira mwa apo ndi apo. Atawapeza anangomva mawu odukaduka, akuti mverani achimwene, ndikubwera. Mayiwo sanadziwe kukula kwa nkhani. Komanso inu mukudziwa, mlongo sadzudzula mwinimbumba pa foni, antchito akumva.

Ndaziona sanakhale manja lende. Popeza m'kati anamukaniza, anayamba kuyesera kunja ngati mlimi wamba. Ankatsegula tsamba pa foni yake m'mawa, masana, madzulo, ngakhale m'bandakucha akadzuka kukatunga madzi. Ndiye anabwera nazo ku ofesi.

"Bwana, ndimaganiza kuti mwina alimi angochuluka, koma ayi. Nthawi imene alimi ali m'tulo makina akulemedwa chimodzimodzi. Chimene chikugogodacho sichigona."

A Gwedeza anamenya tebulo ndi chikhatho, nkhope yonse kuwala. "Sichigona. Ndani sagona anzake ali m'tulo? Akuba. Ndinamva pa wailesi, kuli akuba a pa intaneti. Ndadziwa kale, ndi anzathu oswa anapiye aja atitumizira."

"Sindinanene zimenezo, bwana."

"Wanena osadziwa."

Tsono munthu amene anakulira kumudzi, akuba akavuta m'munda amatani? Amaika alonda. A Gwedeza analemba pa gulu la Watsapu la madepoti onse, natumiza tsamba la abwana lija. Anati aliyense alitsegule pa foni yake, azilidina kuti libwerenso, osalekeza, ndipo azinena pagulupo ngati latseguka kapena ayi. Anawonjezera kuti amene akhale chete ndiye kuti ali kumodzi ndi akubawo.

Anthu anadina, ana inu. Ku Dedza anadina, ku Salima anadina, ku Mchinji anadina. Mayi wa ku Mponela anapatsa amuna awo foni ina kuti azithandizana. Gulu lija linadzaza. "Kuno sizikutheka bwana." "Kuno lazungulira bwana." "Tikudinabe bwana." Tsopano ngakhale mlimi mmodzi sanathenso kulowa, ndipo kulira kwa makina kunkamveka mpaka ku geti.

"Mwaona," anatero a Gwedeza, "aona kuti tawatulukira, abwera ambiri. Auzeni adine mwamphamvu."

Ndaziona atamva zimenezi anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali. "Bwana, munthu akukomoka chifukwa chopanikizidwa, inu mwaitana mudzi wonse kuti udzamufunse ngati akupuma."

"Unanena wekha kuti pali amene akugogoda."

"Eya, ndipo tsopano ogogodawo ndi ife."

"Ife ndi eni ake. Mwini nyumba salemetsa nyumba."

Ine ndinayesako, monga munthu wa imvi mnzawo. Ndinati bwana, pikapu yanga siisankha kuti thumba ili ndi la abwana, ili ndi la mlendo, onse amaphwetsa masipuling'i. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "A Sandalamu, inu zanu ndi magiya."

Alimi ena anatopa, anapita kukaitanitsa kwina. Bambo wina wa ku Kamphata anachita kupalasa njinga kudzafunsa ngati dzina lake lilimo. A Gwedeza anamulowetsa mu ofesi, namuonetsa tivi. Bamboyo anayang'ana kagudumu kakuzungulira, kakakulu ngati tayala la thirakitala, ndiye anati, "Bwana, komweka ndakasiya kunyumba." Anakwera njinga yake. Amene anaitanitsa kale, mayina awo, madepoti awo, zonse zinali m'mimba mwa makinamo, ndipo palibe ankatha kuzitulutsa.

Ndiye tsiku lina a Gwedeza analowa m'kachipinda kukaona mafani awo, napeza foni ili pa tchaja pakona. Inali ya a Nasimango, mayi amene ankayang'anira mazira. Soketi ya kwawo inali itapsa, anaona chitseko chili chotsegula, anati ndibayepo pang'ono. Kafoni kake kaja ka mabatani, kosadziwa n'komwe kuti intaneti n'chiyani. A Gwedeza anatuluka atakanyamula m'mwamba ngati agwira njoka.

"Wakuba ali m'nyumba mommuno. Akukama makina."

"Bwana, ndimangotchaja," anatero a Nasimango.

"Lero kutchaja, mawa kubena mafilimu. Ndadziwa kale."

Ine ndinkayesa kuti angokhoma chitseko, nkhani ithe. Koma anati loko ali ndi kiyi, ndipo kiyi amadulitsa pamsika uliwonse. Anandituma simenti ndi njerwa, naitanitsa mmisiri wa pa Nathenje pomwepo, a Jailosi.

A Jailosi anafika, anayang'ana, anakanda m'mutu.

"Ndiye bwana, tichotse chitseko, timange pakhomo ponse?"

"Ponse."

"Nanga polowera tisiye mbali iti?"

"Ndakuitanirani kudzamanga kapena kudzafunsa?"

"Ngakhale kabowo ka mphepo, bwana? Nkhokwe yomwe imapuma."

"Pamene palowa mphepo palowa dzanja. Mafani ali m'katimo. Ndipo simenti ichuluke, osati zanu zija za mchenga wokhawokha."

Ndaziona anali akungotsika minibasi, ndipo ataona njerwa anachita kuthamanga kuchokera ku geti. "Bwana, chonde. Makinawa akazima tidzalowera pati?"

"Si iwe unanena kuti ukhoza kumawaona uli ku Lilongwe, osawakhudza?"

"Ndinati ndikhoza ngati ali oyaka, ndiponso ngati mwandipatsa pasiwedi. Simunandipatse."

"Ndiye ukudandaula chiyani? Khomo sulifuna, wanena wekha."

Mtsikana uja anayang'ana kumwamba, anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana matayala. A Jailosi anamanga, ndipo ndisaname, anamanga bwino. Anapaka ndi pulasitala yomwe. Khomalo linauma msanga, chifukwa linkawotchedwa kunja ndi m'kati. Kulira kwa makina tsopano kunkamveka patali, ngati munthu wolirira m'bulangeti. A Gwedeza ankaika khutu n'kugwedeza mutu. "Mwamva? Ayamba kupeza bwino."

M'mawa wa tsiku loswa ndinafika ndi makatoni. Kuchipinda choswera kunali phokoso lija limene ine ndimalikonda mpaka lero, anapiye mbwee, achikasu, a Nasimango ndi anzawo akuwasankha. Koma kuseri kwa ofesi kunali zii. Ndinagwira khoma latsopano lija. Linali lotentha ngati uvuni wa njerwa, ndipo m'katimo munkangomveka mafani.

Mu ofesi tivi inali yoyera mbuu, timawu tochepa pakona. A Gwedeza anali atakhala kutsogolo kwake.

"Bwana, ndikufuna mayina. Makatoni angati ku Dedza, angati ku Salima, a yani ndi yani."

"Akubwera. Makina akupumula. Akuba athawa."

Ndaziona analowa, anatsegula laputopu, anayesa, anatseka. "Azima. Atenthedwa, ndiye adzizimitsa okha kuti asapse."

Apa m'pamene a Gwedeza anatsegula dirowa, natulutsa envulopu ija. Anaiika patebulo pang'onopang'ono ngati akupereka mwana wawo ku ukwati. "Chabwino. Tenga. Uwayatse."

"Bwana, pasiwedi siidzutsa makina ozima. Pakufunika munthu akadine batani ndi chala."

Tonse tinatuluka, tinakaima kutsogolo kwa khoma. Dzuwa likukwera, anapiye akulira m'makatoni opanda mayina.

Tili chiimire choncho, lole ya a Nankhoma inalowa pa geti. Anatsika fumbi la ulendo lili m'nsidze. Anamva kulira kwa anapiye, anaona pikapu ili yopanda katundu, nabwera pamene tinaima.

"A Sandalamu, anapiye akutani pano dzuwa lonseli?"

Ndinaloza ndi mlomo. Anayang'ana khoma lija kuyambira pansi mpaka kudenga.

"Achimwene, pano panali chitseko."

"Chinalipo, mlongo. Koma kunali akuba, ndiye ine..."

"Aba chiyani?"

"Sanabe. Ndinawatsekereza."

"Ndi ife tomwe mwatitsekereza," anatero a Nankhoma.

Anaitanitsa a Jailosi. Mmisiriyo anati kugumula n'kotheka koma si ntchito ya changu, chifukwa abwana anati simenti ichuluke. Komanso makina ali kuseri kwenikweni kwa khomalo, nyundo ikalowa mwamphamvu njerwa zigwera pamenepo. Njira yachidule inali kudenga. Anakwera, anazula lata limodzi, ndipo mpweya umene unatuluka pamenepo unamubweza nkhope. Tinadikira kuti m'katimo muzizireko. Makwerero ake anali a bulugama, aatali, olemera, osatheka kuwalowetsa pampatapo popanda kuphwanya kanthu. Panafunika munthu wotsika pa chingwe.

Ndaziona anayamba kuvula nsapato. A Nankhoma anamugwira paphewa. "Iwe ukhale kuno ndi laputopu yako. Achimwene ndi amene akudziwa bwino za m'katimo."

Mwinimbumba atakwera denga ndinali ndisanamuonepo, ana inu, koma tsiku limenelo ndinamuona. Chingwe cholimba chokwanira mimba imeneyo chinali chimodzi pa kampani ponse, changa chomangira katundu. Tinachikoloweka pa mtanda wa denga, ine ndi a Jailosi ndi mlonda kugwira, iwo n'kumatsika akuzungulira, makiyi akulira m'chiuno.

Patapita kanthawi mawu anatuluka m'katimo. "Batani lake liti?"

Ine ndi a Jailosi tinayang'anana. Munthu ameneyo kufunsa funso mokweza, anthu akumva, kanali koyamba.

"Lalikulu, lozungulira, kutsogolo," anayankha Ndaziona.

Makina anadzuka. Mtsikana uja anali atakhala pa njerwa zotsala, laputopu pamiyendo, zala zikuthamanga kuti alowe makinawo asanalemedwenso. A Nankhoma anaima pambuyo pake. Ndaziona sanachedwe. Anawatembenuzira sikirini.

"Onani mayi. Awa ndi amene akhala akugogoda. Mlimi ndi uyu, wina ndi uyu apa. Mizere ina yonseyi ndi tsamba la abwana. Iyi ikuchokera mu ofesimo, usana ndi usiku, chiyikireni tivi. Iyi ndi Dedza, iyi Salima, iyi Mchinji, Mponela kawiri. Aliyense akuuza detabesi kuti iwerenge anapiye onse chiyambire kampani, isanamalize aiuzanso."

"Nanga akuba?"

"Palibe ndi mmodzi yemwe."

A Nankhoma analowa mu ofesi, nazula waya wa tivi. Analemba pagulu lija kuti aliyense asiye kudina. Ndipo kulira kwa makina kunatsika ngati galimoto imene yafika pamwamba pa chitunda. Mayina anatuluka pa pulinta, tonse tinagwada kulemba makatoni, ndi mayiwo omwe.

Koma dzuwa linali litafika kale paliwombo. Ulendo umene ndinkaunyamuka kusanatenthe ndinaunyamuka masana a Okutobala. Lole inatenga njira ya ku Dedza ndi ku Salima, ine ya ku Mponela ndi ku Mchinji. Anapiye a ku Mponela anafika akulira bwinobwino. A ku Mchinji, makatoni ena ndinawatsitsa ali chete. Alimi anali atadikira pa depoti chiyambire m'mawa, ndipo anatsegula pamaso panga. Mayi wina anali atandiuza kumene kuti khola wasesa, mbaula wayatsa. Anasuzumira m'katoni, anatsekanso, osanditukwana n'komwe. Kukanakhala bwino akananditukwana.

Koma ndadumpha. Makatoni sayenda osamanga. Ndisananyamuke pa Nathenje ndinapita kukasolola chingwe changa padenga paja, chifukwa a Gwedeza anali atachimasula m'chiuno kuti apume bwino.

"A Sandalamu, chingwe chikupita kuti?"

"Ku Mchinji, bwana."

"Nanga ine?"

Ndinayang'ana a Nankhoma. Iwo anati, "Mangani anapiye." Kenako anayandikira khoma lija, nalankhula mwaulemu wonse, monga mlongo kwa mwinimbumba.

"Achimwene, anapiye sangadikire. A Jailosi ayamba kugumula pang'onopang'ono, njerwa imodziimodzi, kuti asaphwanye makina. Madzi akumwa tikutsitsirani padenga. Koma ngati muli pa changu, tulukirani pakhomo."

A Gwedeza anayankha ali m'katimo.

"Mlongo, palibe khomo."

"Ndadziwa kale," anatero a Nankhoma.

Pofika ku Mponela ndinapeza nkhani yanditsogolera, chifukwa mlonda wathu analinso pa gulu lija. Mayi wa pa depoti anatuluka kudzalandira makatoni, chala chachikulu chitatupa ndi kudina, amuna awo pambuyo ndi chala chotupanso. Anandifunsa ngati abwana atuluka. Ndinati pamene ndimachoka a Jailosi anali atangoboola pokwana kapu ya tiyi. Mayiyo anatula katoni pansi, anapukuta thukuta ndi chitenje, ndipo mawu amene ananena ndi amene mukuwamva m'dziko lonse lino mpaka lero.

"Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo."